Sefa Yonunkha Fodya

Chamama, Kasungu
9 Epulo 2024

Mwana wanga Dominic,

Ukhululuke zilembo zokhotazi ndi mawu amene ndalakwitsa. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4, ndipo zala zauma ndi kusankha fodya. Pafoni sindingathe, makutu anga ukuwadziwa, ndiye kalatayi ndapatsira a Levison a lole ija imanyamula katundu wa ku Joni.

Kuno tadzuka. Amayi ako mwendo uja ukuwavutabe. Kamwana kako Goodness kali bwino, kayamba kuthamangitsa nkhuku. Kaya iwe kumeneko.

Ndalemba chifukwa cha kompyuta yako. Pa Khirisimasi unatiuza kuti unaimanga wekha chidutswa ndi chidutswa, kuti yotere ngakhale ku Lilongwe kulibe. Unaisiya kuti apongozi anga, amake Goodness, azikonzerapo makanema a maukwati ndi makwaya. Miyezi itatu yayenda bwino. Tsopano yayamba misala.

Ndikuuza monga andifotokozera amayi ako, poti ine ndi apongozi sitikhala n'kumacheza. Akaiyatsa imayaka bwinobwino, magetsi ake ofiira ndi obiriwira aja kuseri kwa galasi. Akamalemba kapena kuona zithunzi ilibe vuto. Koma akangoiuza kuti imalize kanema, imalira kwambiri, sikirini imasanduka yabuluu, kenako zii. Ntchito ya tsiku lonse yapita. Sabata ino yatero kasanu.

Chimene chandikwiyitsa ndi ichi. Dzulo unawaimbira foni n'kuwakalipira mpaka ndinamva ndili kuchigafa, ine wogontha. Matenanti a pa esiteti yoyandikana nafe anaima m'njira kumvetsera. Kodi ndinakulera choncho? Mkazi ali pa chitengwa, anasiya kwawo ku Kaluluma kudzakhala pakati pa ife, iwe n'kumamulalatira chifukwa cha chitsulo?

Ine mbali yanga ndikuchita. Mawindo ndinaika zitsulo. Nyerere zinayamba kulowamo mwezi watha kufuna pofunda, ndinathana nazo. Mvula ikachita mabingu ndimathamanga kukauza amayi ako kuti apongozi azule mawaya. Mtima wanga sukhala pansi. Ndikakhala ku tchalitchi ndimaganiza kuti mwina yaphulika.

Utiuze chochita. Ngati palibe, udzatenge chinthu chako tisanayambane nacho tonse.

Ndine bambo ako,
Lucious


Germiston, Joni
21 Epulo 2024

Ababa,

Kalata yanu ndalandira. Ndili bwino, ntchito kushopu ikuyenda. Amayi azimwa mankhwala aja, asamangopaka mafuta.

Koma Ababa mwandikhumudwitsa. Mukuti ndidzatenge chinthu changa ngati mbuzi yolowa m'munda mwa eni. Mukudziwa kuti chaka chonse ndinkapita kuntchito wapansi kuti ndipeze khadi ya zithunzi ili m'katimo? Ndisanabwere nayo ndinaiyesa masiku atatu osazimitsa, siinatsokomole n'kamodzi komwe. Makina sapenga okha. Alipo amene wachita kanthu, ndipo amene amakhala nayo ndi mkazi wanga Evelyn.

Poti wasiya kuyankha foni yanga, mumuuze izi, achite ndendende.

Aichotse pa waya umene amalumikizapo ayironi. Ikhale yokha pakhoma, kudzera m'bokosi la batire lija.

Atsegule galasi. Aona timatabwa tiwiri tataliko taima moyandikana, timeneto ndi ramu. Atizule, apukute m'mphepete mwagolide ndi labala ya pensulo, abwezere kamodzi kaye mpaka kalire kuti kwaa. Ayese. Kenako kachiwiri.

Pasikirini pali kachizindikiro ka moto. Akadina pamenepo pabwera nambala ya kutentha. Alembe nambala ikangoyaka, alembenso ikamamaliza kanema. Ikadutsa 90 azimitse yekha, asadikire kuti ife.

Mafani alipo asanu ndi limodzi. Awerenge ngati onse akuzungulira.

Kutsogolo kuli sefa yotchinga fumbi, imatuluka mukaikoka. Ngati nambala yakwera, munditumizire sefayo ndiione ndi maso anga, ndikutumizirani ina.

Wokonza mafoni wa pamsika uja asayerekeze kuigwira. Amene uja chilichonse amatsuka ndi sipiriti ndi mswachi.

Za kukalipa musandiuze. Inu wina atathira madzi m'mabelo anu mungamuimbire nyimbo?

Dominic


Chamama
2 Meyi 2024

Dominic,

Moni. Tili moyo. Fodya tadinda mabelo asanu, atatu atsala.

Zonse unalemba tachita, ngakhale unalemba ngati ukulamula matenanti. Tsiku lonse la Loweruka lapita, tsiku loti ndikanakhala pa jeke kudinda mabelo. Ine ndinakhala pakhonde la nyumba yako ndi kalata, amayi ako pakhomo, apongozi m'kati. Ine kuwerenga, amayi ako kubwereza, apongozi kuchita. Amayi ako anatopa n'kunena kuti, "Inu a Lucious, mwanayu akumva yekha, ine mukundivutitsiranji ngati wailesi?" Ndinati mwambo ndi mwambo, bwerezani.

Waya tasintha. Yafa.

Timatabwa tako apukuta ndi labala, abwezera kamodzi. Yafa. Abwezera kena kaja. Yafanso. Pozula ndinamva kulira kuti thoo, mtima unandichoka, ndinati basi athyola, mwana uja atimaliza. Koma sikanathyoke.

Mafani onse asanu ndi limodzi akuzungulira, koma phokoso lake ngati chigayo cha dizilo.

Nambala ndi izi. Ikangoyaka, 58. Ikayamba kanema imathamanga, 80, 88, 93. Amayi ako anafuula, "Zimitsani mayi, zimitsani!" Asanafike pa batani inali pa 97, yazima yokha. Ndinagwira khoma la kunja kuona ngati latentha.

Tsono tamvera. Lachiwiri kunabwera a kwaya ya ku Njombwa, anthu asanu ndi awiri panjinga, kudzafuna kanema wawo amene akhala akudikira kuyambira Malichi. Mayi wina wamtali anaima pabwalo panga n'kunena kuti, "Kodi nyimbo zathu mwakazinga mwadya? Tiuzeni tikaimbe zina!" Anzake kuseka. Apongozi anagwada pansi kupepesa. Ine mkulu wa mpingo ndinabisala kuseri kwa chigafa ngati mbava. Manyazi amenewa watibweretsera ndiwe ndi chinthu chako chonyezimira.

Apongozi ayamba kuonda. Sadandaula, amangoyatsa, n'kufa, n'kuyatsanso. Iwe uli kutali, sukuona.

Ndiuze zoona, kodi 97 ikhoza kuyatsa nyumba? Mabelo ndinasunga m'chipinda choyandikana ndi cha kompyuta poti ndiye chili ndi simenti. Ndayamba kuwasamutsa ndekha, msana wanga womwewu.

Sefa ndi imeneyo, ndaikulunga m'pepala la shuga. A Levison anyamuka mawa. Uyankhe msanga, ndipo uyankhe ngati ukulankhula ndi bambo ako.

Lucious


Germiston
17 Meyi 2024

Ababa,

Moni ndilibe wambiri lero.

Sefa yafika. Nditatsegula pepala lija anzanga onse m'shopu anatembenuka. Mmodzi anaseka n'kunena kuti, "Mwini wake amasuta mapaketi angati patsiku?"

Ababa, ndakonza makompyuta zaka zisanu ndi chimodzi. Fumbi la m'nyumba ndi lotuwa, ukauzira limauluka. Ili ndi lofiirira, lomata ngati phula, latseka mabowo onse. N'chifukwa chake ikutentha, ikulephera kupuma. Fumbi lotere ndimalipeza m'makina a anthu osuta basi, amene amakhala pampando maola ambiri ndudu ili pakamwa. Musandiuze za mabelo. Kuyambira Januwale fodya ali pakhomopo ndipo inkayenda bwinobwino, chitseko chake chimakhala chotseka.

Inu simusuta. Amayi sasuta. Evelyn sasuta. Ndiye ndani amakhala m'chipinda changa, pampando wanga, n'kumapemerera utsi m'kompyuta yanga? Amabwera nthawi yanji inu osamuona? Kapena mumamuona?

Tsopano ndamvetsa chifukwa chake anasiya kuyankha foni. Ine kuno ndikugona pansi m'kachipinda ka anthu anayi, iye akusangalatsa mwamuna m'nyumba imene ndinamanga ine.

Ndawaimbira kale a Moffat, amalume ake aja anali ankhoswe paukwati wathu. Ndawauza zonse, ndauzanso achemwali ake. Abwere adzamufunse pamaso panu. Akapanda kutchula dzina, amutenge. Goodness atsale ndi amayi.

Musamuikire kumbuyo. Umboni uli patebulo panga pano, ukununkha.

Dominic


Chamama
29 Meyi 2024

Dominic,

Uwerenge mpaka kumapeto.

Ndiwe chitsiru. Ndipo ine bambo ako ndine chitsiru choposa iwe.

Kulibe mwamuna. Fodya amene wanunkhiza ndi wanga. Nyerere zija zitayamba kulowa m'kompyuta ndinaopa kuti zidya mawaya. Ndinachita chimene timachita nkhuku ikamafungatira mazira utitiri n'kuivuta. Ndinatenga zinyenyeswa za fodya zotsala posankha, ndinamanga m'tizidutswa ta neti ya udzudzu. Kuseri, mbali yachitsulo yopanda galasi, kuli tizomangira tiwiri totseguka ndi zala. Ndinatsegula, ndinalowetsa timitolo pansi pomwe pali mawaya, kena ndinakankhira kuseri kwa sefa. Lachinayi lililonse apongozi akapita ku mvano ndinkatenga kiyi kwa amayi ako mwakabisira n'kukaika watsopano, wonyowetsa pang'ono kuti fungo ligwire. Nyerere zinathawadi. Ndinkadziona wanzeru. Sindinaganize n'kamodzi komwe kuti mafani ako akukoka zinyenyeswazo.

Kalata yako inafika Loweruka madzulo, ndinaisunga kuti ndiwerenge tikaweruka ku tchalitchi. Lamulungu masana ndisanaitsegule, a Moffat atulukira ndi achemwali awo a apongozi. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango. A Moffat anati, "Mkamwini wathu akuti m'makina mwake mwadzaza fodya wa mwamuna. Evelyn, tiuze, ndani?"

Pomwepo ndinadziwa. Koma ndikananena bwanji? Kuti ine, mkulu wa mpingo, ndimalowa m'nyumba ya apongozi anga mobisa, mwamuna wawo ali ku Joni? Pamaso pa akuchikazi? Apongozi anaponya maso mbali yanga kamodzi kokha, ine ndinayang'ana nyerere pansi. Iwo anangoti, "Amalume, dzina ndilibe loti nditchule."

A Moffat anati, "Chabwino. Mwana wathu sitinamutole pamsewu. Longedza." Lolemba m'mawa apongozi apita ku Kaluluma. Goodness amutenga, ndipo palibe amene akanawaletsa.

Amayi ako nditawaululira anandigenda ndi chikho. Anati, "Munthu wamkulu, ndevu zoyera, kuyamwitsa makina fodya! Ndiye n'kukhala chete mwana wa eni akunyozedwa?" Sakundilankhula mpaka lero.

Dzulo ndinakuimbira pa foni ya amayi ako, ndinafuula zonsezi pamsika anthu akumva. Chimene ndinamva ine ndi chakuti, "Ababa, musapeke nkhani kuti mumupulumutse," kenako wadula. Ine ndipeke? Ndidzipake matope otere chifukwa chopeka? Unayamba liti kuona bambo ako ngati wabodza ndi mkazi wako ngati wachiwerewere, koma chitsulo chokha ndiye cholungama?

Ukanandifunsa kaye ine. Unathamangira kuimbira mudzi wonse wa Kaluluma.

Bambo ako,
Lucious


Kaluluma
6 Juni 2024

Bambo a Goodness,

Ndikhulupirira muli bwino. Mwana ali bwino.

M'phukusili muli timitolo tinayi. Nunkhizani, muitanenso anzanu a m'shopu anunkhize. Muone mfundo yake. Munakulira pa fodya, mukudziwa amene amamanga mindindi motero pakhomo panu.

Ndinatipeza sefa itangopita. Fungo ndinalimva nanenso, ndiye ndinatsegula mbali yachitsulo imene inu katswiri simunaitchule. Ndinazula mafani onse, ndinapopa ndi pampu ya njinga, ndinapukuta chilichonse ndi kansalu. Munatuluka zinyenyeswa zodzaza kapu. Ndinayatsa. Ikamamaliza kanema imafika 71 n'kuima pomwepo. Siinafenso. Kanema wa kwaya ya ku Njombwa ndinamaliza, wa ukwati wa ku Chamama ndinamaliza. Lachinayi lotsatira ndinapeza timitolo tina, ndinachotsanso, ndipo kuyambira pamenepo ku mvano ndinkapita ndi kiyi wa amayi m'chikwama.

Mufunsa kuti bwanji sindinanene. Kwa ndani? Kwa apongozi aamuna, amene sindinayambe ndawayang'ana kumaso? Kwa amayi anu, kuti amuna awo amalowa m'nyumba mwanga ine kulibe? Kwa inu, amene foni iliyonse mumayamba ndi "wachita chiyani"? Ndinati ndingokonza mwakachetechete, mkulu asachite manyazi, nkhani ithe. Ndinkadikira kuti mtima wanu utsike ndikuuzeni kuti yachira.

M'malo mwake kunabwera amalume.

Pansi pa mango paja ndikanatha kutchula dzina. Linali pamlomo. Ndinaganiza za mmene anthu akanalinyamulira, kuti mwamuna wolowa m'nyumba ya Evelyn ndi apongozi ake omwe. Ndinasunga ulemu wa bambo anu. Inu wanga munautaya pa foni imodzi.

Kuno ndikapita kumjigo amayi amasiya kulankhula. Dzulo wina anandifunsa akuseka, "Asisi, mulibeko ndudu?" Achemwali anga amene munawaimbira aja anauza apongozi awo, apongozi awo anauza a kwaya. Ku tchalitchi andiuza ndiyambe ndakhala kumbuyo mpaka nkhani imveke.

Munaona fumbi pa sefa n'kudziwa zonse za ine. Zaka zinayi za ukwati simunazione.

Kompyuta yanu ili bwino. Ndinaizimitsa, ndinazula mawaya, kiyi ali ndi amayi. Musandiimbire.

Evelyn


Germiston
19 Juni 2024

Ababa,

Kalata yanu ndi phukusi la Evelyn zafika tsiku limodzi, lole inachedwa pa boda. Mfundo ndaiona. Ndi yanu.

Sindikudziwa cholemba. Evelyn ndamuimbira kakhumi, sakuyankha. A Moffat anayankha kamodzi, anati, "Wasuta kale?" n'kudula.

Komabe Ababa, munayamba ndinu. Ndani anakuuzani kuti mutsegule? Fodya wonyowa m'kompyuta! Mukanandifunsa za nyererezo ndikanakuuzani kuti muike miyendo ya tebulo m'zitini za madzi.

Pitani ku Kaluluma mukamutenge. Muwauze kuti ndapepesa. Ine kubwera pano n'kovuta, mapepala anga ali kokonzedwa, ndikatuluka mwina sindilowanso.

Wina aziiyatsa kamodzi pa sabata kuti batire lisafe. Koma inu musaigwire.

Dominic


Chamama
3 Julayi 2024

Dominic,

Moni. Amayi ako ayamba kundiyankha, koma mawu amodzi amodzi.

Kalata yako ndinawerenga kawiri kufuna pamene walira. Ndinapeza batire. Mkazi wako akukhala kumbuyo m'tchalitchi ngati wochimwa, iwe ukuganiza za batire! Kulakwa kwanga ndavomera ndipo ndidzafa nako. Koma ine ndinaika fodya m'makina. Mwamuna m'nyumba mwako unaikamo ndiwe.

Ku Kaluluma tinapita Loweruka, ine ndi amayi ako. Njira ndinkaidziwa kale ngakhale ukanapanda kulemba. Ndinapempha a Moffat aitane onse amene anamva nkhaniyi, ndi akulu a mpingo wawo awiri. Anadzaza bwalo. Ndinaimirira, chipewa m'manja. Ndinanena zonse, nyerere, neti, Lachinayi, kiyi wakuba, ndi kukhala chete kwanga pansi pa mango. Ena anaseka mpaka kugwira m'mimba. Mkulu wina anati, "Ndiye makinawo anaswa anapiye angati, abambo?" Ndinawasiya aseke. Kuseka ine kuli bwino kusiyana ndi kunong'ona za apongozi.

A Moffat sanaseke. Anati, "Mwachita chamuna, a Lucious, koma mochedwa ndi mwezi wathunthu." Akulu a mpingo anati apongozi abwerere pa mpando wawo mawa lake Lamulungu.

Kenako ndinati mwana wanga wapepesa, akuti tibwerere nawo. Apongozi anali atakhala pamphasa, Goodness pamiyendo. Ndinkayembekeza kuti ayankha kudzera kwa amayi ako monga kale. Ayi. Anandiyang'ana ine, kumaso, koyamba chikwatiwire. Anati, "Ababa, inu ndakumvani, ndipo ndakukhululukirani. Munkateteza katundu wa mwana wanu. Koma kupepesa kwa iwo sikungabwere m'thumba mwanu. Pondinyoza sanatume munthu, anaimba okha. Abwere okha adzaime pamene mwaima inupo."

Ndinati za mapepala ako. Anati, "Ndamva. Asankhe."

Goodness anandithamangira pamene tinkanyamuka, anagwira buluku langa kufuna kukwera nafe. Amake anachita kumunyamula akulira.

Ndiye usanditumenso. Usatumize nsalu, usatumize foni yatsopano, a Moffat anena kale kuti adzabweza. Anthu a maukwati akubwerabe kudzafunsa, ndikumawauza kuti wokonza makanema kulibe. Kompyuta sindinaiyatse ndipo sindidzaiyatsa. Palibe pakhomo pano amene akufuna kulowa m'chipinda chimenecho.

Ndikuopa kuti ukabwera ntchito yako itha. Ndikuopanso kuti ukapanda kubwera mvula isanagwe, akwawo adzaitanitsa ankhoswe kuti amasule ukwati, poti a Moffat anayamba kale kuzitchula. Sindikudziwa chimene ndikuopa kwambiri.

Pamene zinthu zaima ndi apa. Apongozi ali ku Kaluluma ndi mwana. Sananene kuti abwerera, sananenenso kuti sabwerera. Akudikira iwe, ndipo iwe sunatchule tsiku.

Ndine bambo ako,
Lucious